Mbale Zolira m'Munda mwa Cacilda

Magetsi amadutsa pamwamba pa minda ya ku Ntengo-Wambalame ngati mlendo wonyada, wosapereka moni. Nthambo zake zimadumpha zigwa ndi timitsinje n'kukalowa m'mapiri, koma m'nyumba za anthu okhala pansi pake mumaunikabe tochi ndi koloboyi. Nsanja imodzi yachitsulo, imene anthu a kumeneko amangoti tore, idaima ndi miyendo inayi pakati penipeni pa munda wa Cacilda. M'mapewa mwake mumalendewera mbale zagalasi zotungidwa ngati mikanda, ndipo kunsonga kwa mbalezo n'kumene kumagwira nthambo. Zaka zonsezi Cacilda ankalima kachewere ndi chimanga mozungulira miyendo ija osakweza n'maso omwe. Kwa iye chinali chinthu chongokhotetsa mizere.

Amuna ake, a Henrique, anali munthu wabwino koma wovuta kuyamba nkhani. Asanayankhule ankayamba akoka mpweya pampata wa mano awo akutsogolo, sssss, kenaka chete, kenaka n'kukokanso. Munthu wopupuluma ankatha kupita kumadzi n'kubwerako nkhani isanatuluke. Ndipo Cacilda anali wopupuluma, zimenezo tisabise. Anthu awiriwa adakhala pabanja zaka zambiri, wina akukoka mpweya, wina akumumalizira mawu.

M'mawa wina m'nyengo yamphepo, chimanga chili kale m'nkhokwe, Cacilda adasenza thumba la kachewere kuthamangira galimoto yopita kumsika wa ku Tsangano. A Henrique adatulukira kuseri kwa khola n'kuima panjira.

"Sssss... amake Natália."

"Nenani msanga, shapa indisiya."

"Sssss..." Adayang'ana kunyumba, adayang'ana pansi. "Ayi, pitani. Mukabwera ndikuuzani kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Mukabwera."

"Inu ndi sssss wanuyo," adatero Cacilda akukonza nkhata, "tsiku lina mudzafa nayo nkhani m'kamwa."

Adanena moseka, monga ankanenera masiku onse. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pobwerera, dzuwa litapendeka, adamva kulira ali patali, ndipo amayi awiri adamuchingamira panjira n'kumulandira katundu. A Henrique adagwa pakhomo la khola akutsekulira ng'ombe, dzanja lili pachifuwa, ndipo sadadzukenso.

Maliro adaikidwa, a mpingo adaimba, achibale adameta n'kubalalika. Pakhomo padatsala Cacilda ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Natália, mtsikana wotha msinkhu, wofatsa ngati atate ake. Chisoni cha umasiye Cacilda akadachisenza monga amachisenzera akazi onse. Chimene chinkamudya chinali kanthu kaja. Kanthu kanji? Adafunsa alamu ake, iwo n'kuti mwina ndi za ng'ombe yotsimphina. Adafunsa anzawo a malemuwo apabawo, iwo n'kungopukusa mitu. Adafunsa Natália ngati atate ake adanenapo chilichonse tsikulo, mtsikanayo n'kuwerama, misozi chuchuchu, ndipo mayi adamusiya poganiza kuti akumupweteka. Akadangoima kanthawi kochepa panjira paja, akadangotula thumba lija, bwenzi akudziwa. Adadziimba mlandu m'mawa ndi madzulo, ndipo ankalakalaka kumva kanthu kameneko kuposa mmene ankalakalakira chakudya.

Nthawi yososa itakwana, adalowa m'munda yekha. A Henrique ankakokera mapesi kumalire n'kukawotchera kumeneko, koma mkazi mmodzi mphamvu zimenezo azitenga kuti? Adaunjika zonse pansi pa tore, pamene panali poyera, n'kuyatsa. Utsi udakwera bwinobwino pakati pa zitsulo. Masiku omwewo osaka mbewa adatentha tchire lonse la kutsidya, ndipo mphepo idabweretsa phulusa ndi fumbi. Mbale zija, zimene kale zinkanyezimira dzuwa likamatuluka, zidada bii.

Kenaka idabwera mvula ya chizimalupsa, osati yeniyeni, koma kamvula kamawawa kongonunkhitsa dothi. M'mawa mwake nkhungu idatsika m'mapiri n'kuphimba zonse. Cacilda adatenga khasu kukayamba mizere. M'mundamo simunkaoneka munthu, mbuzi kapena mtengo. Tore inkaoneka miyendo yokha, mutu wake utamira mu nkhungu. Adagalauza kangapo, n'kuima.

Sssss.

Adatembenuka. Panalibe munthu. Adati mwina ndi njoka, n'kuyang'ana m'mapazi.

Sssss. Kenaka chete. Kenaka n'kukokanso.

Thupi lonse lidachita tsemwe, khasu n'kumupulumuka. Kukoka mpweya kumeneko adakumva zaka zonse za ukwati wake, pamphasa, panjira, patchalitchi, ndipo sakadakusokoneza ndi china chilichonse padziko. Kunkachokera kumwamba. Atakweza maso adaona timalawi tating'ono, tamtundu wa maluwa a kachewere, tikukwawa pambale zakuda zija, kuzima apa, kuyaka apo. Adachita mantha aakulu. Koma pansi pa manthawo panali chimwemwe, ndipo chimwemwecho n'chimene chidamutsegula pakamwa.

"Ndabwera, bambo ake Natália," adanong'ona. "Nenani. Lero sindikuthamangira kulikonse."

Sssss.

Adadikira, madzi akutsika m'khosi mwa bulauzi. Nthawi zina phokosolo linkakula, n'kuthetheka, n'kukhala ngati lilime layamba kugunda mano kuti liwu lituluke. Koma dzuwa lidaboola nkhungu, zitsulo zidauma, ndipo kumwamba kudangoti zii.

Kuyambira tsikulo Cacilda ankadzuka n'kuyang'ana kumapiri. Kukakhala nkhungu, khasu paphewa, ulendo wa kumunda, koma mizere sinkachuluka. Lamulungu ankapita kutchalitchi ndithu, n'kumapempha Mulungu chinthu chimene mlimi wanzeru sapempha: nkhungu yokhayokha.

Kunyumba ntchito zonse zidagwera Natália. Mtsikanayo ankavala jasi lalikulu la atate ake, ngakhale kunja kutatentha, ndipo ndiwo zikapsa ankabwera ndi kambale ka mchere.

"Amayi, thirani."

Cacilda ankatapa, n'kuthira, maso ali kumunda. Tsono mkazi aliyense amadziwa kuti mtsikana amaleka kuthira mchere masiku ochepa pamwezi, kenaka n'kuyambanso. Koma mwezi wathunthu, wina n'kulowa, mwana akubwerabe ndi kambale? Mayi wina aliyense akadamukokera kuseri kwa nyumba n'kumufunsa bwino. Cacilda makutu ake adali atawapachika pa tore.

"Amayi, ndimati..." Natália ankayamba motero nthawi zina.

"Ukanena bwino, ndikubwera."

Tsiku lina, nkhungu ikungoyamba kubalalika, kudamveka njinga yamoto, ndipo m'mundamo mudalowa mwamuna wa chisoti cholimba ndi nsapato zazikulu. Anali Élio, wa kampani ya magetsi, amene ankayendera nthambo zimenezi kuchokera ku Furancungo. Adapeza mayi ataima pakati pa miyendo ya tore, wonyowa, nkhope italoza kumwamba.

"Bom dia, mamã. Tabwerani kuno kaye, chonde. Munda uno ndi wanu?"

"Ndi wanga."

Élio adayang'ana phulusa lili pansi, adayang'ana mbale, n'kuimba kamluzu. "Mwazidetsa ndinu, eti? Mukuzimva mmene zikulirira?"

"Inunso mukumva?" adafunsa Cacilda.

"Ndingalephere bwanji? Ntchito yanga ndi imeneyi. Onani, mamã, mbalezo zili apo kuti moto wa m'nthambo usalowe m'chitsulomu. Galasi likakhala loyera, moto sudutsa. Koma pakakhala mwaye, fumbi, zitosi za mbalame, ndiye kubwere kamvula aka kongonyowetsa osatsuka, pamwamba pa galasi pamachita ngati phala. Moto umapezapo njira. Umakwawa, pena kuumitsa, pena kudumpha. Kulirako ndi kumeneko."

"Ndiye zikada kwambiri zimalira kwambiri?"

"Isso mesmo, ndi momwemo. Ndipo tsiku limene moto udzadumphe mbale zonse kamodzi, é perigo, mamã, perigo de morte, ngozi yakupha. Ng'ombe itaima pamene munaima paja imagwa osaphupha. Musaotchenso kanthu pano, ndipo kukakhala nkhungu muzilima chakutali. Ndikanena kuofesi kuti abwere adzazione."

"Nanga mvula yaikulu ikagwa?" adafunsa Cacilda.

"Aaa, imeneyo ndiye mankhwala. Imatsuka zonse mbee. Zisiyiratu kulira, inu muzigona mtendere."

Élio adakwera njinga yake ali wokondwa kuti wamukhazika mtima pansi mayi wamantha. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma khutu lotsinidwalo limasankha lokha zoti limve. Zakuti ndi moto, ndi galasi, ndi mwaye, Cacilda sadazitsutse. Adangoganiza kuti munthu wopanda pakamwa amayankhulira chimene wapeza, ndipo ngati a Henrique adapeza mwaye, ndiye mwaye womwewo. Mwa zonse zimene adanena Élio, iye adasungapo ziwiri: zikada zimalira, zikatsukidwa zimaleka.

Patangopita masiku ochepa mvula yeniyeni idagwa, yamabingu, yodzaza ngalande. Mudzi wonse udasangalala, anthu n'kutulutsa mbewu. M'mawa wotsatira nkhungu idabwera monga kale, Cacilda adathamangira kumunda, ndipo adapeza mbale zili mbee, madzi akudontha mwakachetechete. Adaitana. Adaitananso. Adakhala pansi m'matope n'kulira kuposa mmene adalirira tsiku loika maliro, pakuti tsopano amuna ake adamufera kachiwiri nkhani ili m'kamwa.

Kenaka mvula idadukiza, dzuwa lidabwerera, ndipo Cacilda adayamba ntchito yake. Anzake akubzala, iye ankatuta zinyalala. Adasonkha mapesi onyowa, masamba aawisi, mitengo ya fodya ya chaka chatha, chilichonse chofuka utsi wambiri. Adagubuduza tayala lakale la ngolo n'kuliponya pamoto, utsi wake wakuda n'kukwera mowongoka ngati ukudziwa kumene watumidwa. Odutsa ankamufunsa chimene akuotcha nthawi yobzala ino, iye n'kumati akuthamangitsa chiswe. Ena adayamba kunong'onezana kuti umasiye wamulowa m'mutu, koma ndani akadamuletsa m'munda mwake?

Zitatha zinyalala adatenga mphasa imene ankagonera a Henrique. Adatenga chipewa chawo ndi nsapato zamatayala. Adaganiza kuti utsi wa zinthu zawozawo ndiwo uwamasule lilime. Potsiriza adalowa m'nyumba n'kupeza Natália akusankha nyemba.

"Vula jasilo."

"Amayi, ili lokha ayi."

"Ndati vula. Eni ake akulifuna."

Adalikoka yekha m'mapewa mwa mwanayo. Natália adatembenukira kukhoma msangamsanga, akukweza chitenje mpaka m'khwapa. Cacilda anali pafupi moti akadatha kumukhudza ndi chigongono, koma maso ake anali pa jasi, ndipo adatuluka nalo osacheuka. Lidanyeka pang'onopang'ono, likununkha thukuta la mwini wake.

Mvula ikakuona litsiro sikata. M'mawa mwake kudacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone dzanja lako, ndi kamvula kamawawa kosalekeza. Cacilda adamva kulirako asanafike n'komwe m'munda. Sikunalinso kunong'ona. Kunali kuthetheka ngati mafuta amoto atagweramo madzi, ndipo mkati mwake munkamveka kung'ung'udza kwakukulu, kwa pachifuwa, kwa mwamuna amene watsimikiza mtima kuti lero anena. Nkhungu yonse yozungulira mutu wa tore inkaphethira kuwala kwa maluwa a kachewere. Mpweya unkanunkha chitsulo chopsa. Atalowa pakati pa miyendo ija adamva tsitsi likuimirira pansi pa duku, ndi kunyerenyetsa kumapazi ngati wapondera linthumbu.

"Ndili pano," adatero. "Nenani, mwamuna wanga. Ndikhululukireni za tsiku lija. Nenani."

SSSSS.

"Amayi!"

Liwulo lidachokera kumalire a munda. Natália adali atamutsatira, wopanda jasi, wopanda nsapato.

"Chete iwe! Ayamba!"

"Amayi, chokaniponi pamenepo! Chimene atate ankafuna kukuuzani ndikuchidziwa ine! Adati ndisanene, anena okha!"

Cacilda adatsitsa maso. Kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro adatembenuzira khutu kwa mwana wake. Adatuluka pakati pa zitsulo zija, adayenda chothamanga kudumpha mizere, ndipo ali pakati pa tore ndi mwanayo adafuula kuti, "Nena!"

Natália adatsegula pakamwa. Pomwepo kumwamba kudang'ambika. Kuwala koyera kudameza nkhungu, munda, mwana ndi zonse, ndipo china chake chidamumenya Cacilda m'makutu onse awiri n'kumugwetsa chafufumimba.

Atatsegula maso anali chigonere mumzere, m'kamwa muli dothi. Tizidutswa ta galasi tinali mbwee pamatope ngati matalala. Pamene adaima poyamba paja nthaka inkafuka. Natália adagwada pambali pake akumugwedeza, mitsempha ya m'khosi itatuluka, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka. Ankayankhula ndithu, ankanena zonse, mawu ambirimbiri otsatizana, ndi misozi yomwe. Cacilda adayang'anitsitsa milomo ija. Sadamve kalikonse. M'mutu mwake munali phokoso limodzi lokha, lopyapyala, losaleka: sssss.

"Kweza mawu," adatero, ndipo ngakhale liwu lakelo sadalimve.

Natália adaleka kuyankhula. Adaona magazi akutsika m'khutu la amake, ndipo adazindikira. Adagwira dzanja lawo lamatope lija, adamasula chitenje pang'ono, n'kuliika pamimba pake. Mimbayo inali yolimba, yozungulira. Pansi pa chikhato cha Cacilda kanthu kena kadagunda, n'kugundanso.

Kambale ka mchere. Jasi m'nyengo yotentha. A Henrique akutulukira kuseri kwa khola, akuyang'ana kunyumba asanayang'ane pansi. Kanthu kaja kanali kameneka, ndipo miyezi yonseyi kankamuphikira, kumutungira madzi ndi kugona naye nyumba imodzi.

Zotsalazo adazidziwa pang'onopang'ono, ndi manja ndi maso. M'mawa uja a Henrique adapeza mwana wawo akusanza kuseri kwa khola, adamufunsa, iye n'kuulula za mnyamata wa ku Chidzolomondo. Sadakalipe. Adangoti, "Amako ndiwauza ndekha, iwe usanene." Ndiye atagwa tsiku lomwelo atagwira pachifuwa, Natália adakumbukira zimene adalangizidwa, kuti mtsikana amene wadziwa mwamuna mobisa akathira mchere m'ndiwo za makolo ake amawadula, ndipo mdulo umagwira pachifuwa. Adakhulupirira kuti wapha atate ake ndi dzanja lake. Adaleka kukhudza mchere kuti asaphenso amake, ndipo adasenza zimenezo yekhayekha, tsiku lililonse akuyesa kuyamba nkhani kwa mayi amene ankathamangira kukamvetsera chitsulo. Cacilda atazimvetsa adamukumbatira mwanayo n'kumuuza mokuwa, monga amayankhulira agonthi, kuti mtima wa atate ake udayamba kuvuta iye asanathe n'msinkhu womwe.

Kuchipatala adati makutu adaphulika mkati, mwina adzamvako pang'ono, mwina ayi. A magetsi adabwera ndi galimoto n'kupachika mbale zatsopano. Élio adaima patali, chisoti chili m'manja.

Mwana adabadwa chimanga chikucha, wamwamuna. Amati ali ndi liwu lalikulu, lodzutsa mudzi, losiyana ndi la agogo ake aamuna. Cacilda amangoona kakamwa kofiira katayasama ndi timanja tikuphupha, ndipo amaika chikhato pachifuwa cha khandalo kuti kulirako akumve ndi khungu. Nkhungu ikatsika satulukanso. Amakhala pakhonde ndi mdzukulu pamiyendo, tore itaima chete kumunda, ndipo m'makutu mwake a Henrique akadakokabe mpweya, nkhani sanaiyambe.